Ziro wa Pakati

Atate ankagwira ntchito ya zamagetsi pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area, kufupi ndi msewu wa Mungwi, ife tikukhala ku Matero, mu Lusaka. Loweruka lina m'chaka cha 1986 anagonera kuntchito, ndipo amayi anandituma kukawasiyira nsima ya kapenta, mbale atazimanga pachitenje. Ndinali ndi zaka 12. Mlonda wa pageti anandiperekeza mpaka kuchipinda chakumbuyo, komwe ndinawapeza atate ataima patsogolo pa bokosi lachitsulo lalitali kuposa iwo. Pabokosipo panali chogwirira chofiira chotalika ngati mkono wanga, chokhomedwa ndi loko. M'mbali mwake munalembedwa manambala atatu: 1, 0 ndi 2.

"Ichi n'chiyani, atate?"

"Changeover, mwanawe. Pa wani ndi malaiti a ZESCO. Pa thuu ndi jenereta yathu. Pa ziro palibe kanthu."

Linali tsiku loyesa jenereta, ntchito yomwe ankaichita kamodzi pamwezi. Anatulutsa kiyi amene ankamumangirira palamba, n'kundiuza kuti ndiime kukhomo, manja kumbuyo. Kuseri kwa khoma injini inali ikulira kale. Anagwira chogwiriracho ndi manja onse awiri, n'kuchikokera pa ziro. Chinalira kuti gu! Fakitale yonse inazima, makina n'kumalira motsika mpaka kuti zii. Atate sanafulumire. Anawerenga mokweza mpaka khumi, kenaka n'kukankhira pa thuu, mababu n'kuyakanso. Atasamba m'manja kuti adye anandiuza mawu amene ndakhala nawo moyo wanga wonse wa ntchito: "Magetsi awiriwa asamakumane. Akakumana, pamafa munthu."

Tanthauzo lake ndinadzalimvetsa nditakula. Magetsi a ZESCO amavina kupita uku ndi uku ka 50 pa sekondi. Jenereta nayo imavina ka 50, koma pa ng'oma yakeyake, ndipo mukazilumikiza mapazi asanagwirizane, waya amapsa kapena jenereta imathyoka shafiti. Mamota akuluakulu nawonso saima pomwepo mukawazimitsa. Amapitiriza kuzungulira kwa kanthawi akubweza magetsi m'mawaya, n'chifukwa chake atate ankawerenga mpaka khumi. Luso lonse la changeover lagona pamenepa: isiye mbali ina kaye isanagwire inayo.

Nthawi imeneyo bokosi lotere linali la m'mafakitale, m'zipatala ndi m'mabanki basi, ndipo ngakhale kumeneko linkagona fumbi. Dziko linali ndi magetsi okwanira. Kafue Gorge inali itayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, siteshoni ya kumpoto kwa Kariba n'kutsatira m'zaka zomwezo, moti ena ankagulitsidwa ku Zimbabwe. Vuto la m'makomboni silinali kuthimathima, linali loti waya sanafike. Kwathu tinkawerenga pa nyali ya parafini, amayi akuphika pambaula, pamene atate ankagwira magetsi a fakitale yonse ndi manja awo. Ndikukumbuka chaka cha 1989, moto utawononga siteshoni ya Kafue Gorge. Atate ankabwera usiku akununkha dizilo, ndipo kwa miyezi ingapo loko uja sankabwereranso pachogwirira. Zitakonzedwa, tonse tinaiwala.

Pa chitseko cha bokosi lija panali kachitsulo kakang'ono ka mkuwa, kolembedwa dzina la kampani ya ku England ndi mzere wa manambala otsatira mawu oti "Patent". Ndinafunsa tanthauzo lake. Atate anati, "Ndiye kuti nzeruyi ili ndi mwini wake. Sungaikope." Kwa zaka zambiri ndinkaliona liwu limeneli ngati loko wachiwiri, wotitsekera ifeyo kunja. Atate ananena zoona, koma theka lokha. Munthu akatulukira njira yatsopano yopangira chinthu, boma limamupatsa patenti yomuteteza kwa zaka 20 kuti wina asapange kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo chake. Koma pofuna patentiyo, iye amayenera kuulula zonse, kujambula kachitsulo kalikonse ndi kulongosola mmene kamagwirira ntchito, ndipo zolembazo zimakhala poyera. Zaka 20 zikatha, nzeruyo imasanduka ya aliyense.

Kampani ya ku America ya ASCO, yomwe inayambira ku Baltimore mu 1888, imati inatulutsa swichi yake yoyamba yodzisinthira yokha mu 1920. Kuchokera pamenepo anthu akhala akulembetsa tinzeru tating'onoting'ono tambirimbiri tozungulira funso limodzi lomwe lija. Wina anapeza kachitsulo kopingasa kamene kamaletsa mbali ina kutseka pamene inayo ili yotseka. Wina anakonza sipuling'i yoti mano a swichi azidumpha mwamphamvu ngakhale dzanja la munthu litakoka mwaulesi, kuti moto wa magetsi usapeze mpata wowotcha mkuwa. Wina anapanga kachipangizo kodikira mpaka ng'oma ziwiri zija zitagwirizana. Zambiri mwa nzeru zimenezi zinatha kale zaka zake. N'zimene zikugulitsidwa lero m'mashopu a zamagetsi a mu Freedom Way ndi Cha Cha Cha, m'timabokosi tokwana m'thumba la jekete. Ndipo ndi anthu ochepa amene amadziwa kuti bungwe loona za mapatenti m'chigawo chino cha Africa, la ARIPO, ngakhale likulu lake lili ku Harare, linabadwa ndi pangano losainidwa muno mu Lusaka mu 1976.

Ine ndinatsata mapazi a atate. Nditamaliza maphunziro a zamagetsi, mafakitale ambiri anali akugulitsidwa, ena akutsekedwa, ndipo atate anali m'gulu la ochotsedwa ntchito. Ndinayamba kudzigwirira ndekha, kuika mawaya m'nyumba za ku George, Lilanda ndi Kanyama, pomwe malaiti anali atayamba kulowa. Kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu ndinaika ma changeover osakwana zala za m'manja mwanga.

Zinatembenuka mu 2015. Mvula inavuta, madzi a mu Kariba anatsika, ndipo dziko lomwe magetsi ake oposa 80 pa 100 alionse ankachokera ku madzi linayamba kukhala mumdima maola 8 pa tsiku. Mu 2019 maolawo anafika 15. Tijenereta tapetulo tinadzadza m'tuntemba, m'mabala ndi m'masaluni. Owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga, aja amayala mageti ndi mafelemu a zitseko m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, anayamba kugwira ntchito usiku, kutsatira nthawi imene malaiti abwera. Wogula jenereta ndalama zimamuthera pa jeneretayo. Mukamuuza za swichi amati, "Amdala, imeneyo mwezi wamawa." Ndiye amatenga waya, n'kuika pulagi mbali zonse ziwiri, ina ku jenereta ina mu soketi ya pakhoma. Nyumba imayaka bwinobwino, iye n'kumaona ngati wapulumutsa ndalama.

Waya ameneyu ndimamuda ndi mtima wanga wonse, ndipo ndili ndi chifukwa. Mlamu wanga ankagwira ntchito yokonza mawaya a pamapolo. Tsiku lina mu 2019 anatumidwa kukalumikiza waya woduka m'komboni ina. Laini inali yozimitsidwa, mapepala onse atasainidwa. Asanakwere anaika choyezera, monga mwa lamulo la ntchito yawo, ndipo chinalira. Anayezanso, chinaliranso. Atayenda nyumba ndi nyumba anapeza kagolosale komwe jenereta inali kulira, waya wa mapulagi awiri ali mu soketi, swichi yaikulu ya pamita osaitsitsa. Thiransifoma siidziwa kutsogolo kapena kumbuyo. Imene imatsitsa mavoti 11,000 kufika pa 230 kuti alowe m'nyumba, mukaidyetsa 230 kuchokera kunyumba imawakweza kubwerera pamwamba. Madzulo ake mlamu anabwera kwathu, anakhala pampando wa pakhonde osavula nsapato, tiyi n'kuzizira ali m'manja. Mlongo wanga anali ndi pakati pa mwana wachitatu. Mwini golosale uja sanali munthu woipa. Anali asanauzidwepo ndi wina aliyense.

Kuyambira tsiku limenelo sindilumikiza jenereta popanda changeover, ngakhale kasitomala akwiye n'kukaitana wina.

Pali anyamata ku Chinika ndi ku Kanyama amene ndimawavulira chipewa. Amatola ma contactor awiri kuchokera m'makina akale a m'mafakitale otsekedwa, n'kuwonjezera ka timer ndi ka relay, n'kupanga bokosi lodzisinthira lokha pa mtengo umene mwini chigayo angaufike. Ndinaonapo mmodzi atalumikiza belu la panjinga yamoto kuti lizilira malaiti akabwera, mwini shopu azikazimitsa jenereta asanawononge petulo. Wina anakonza kuti firiji izidikira mphindi zingapo isanayake, chifukwa magetsi akangobwera amabwera ndi ukali. Nzeru zimenezi ndi za mtundu womwewo ndi zija zinalembedwa pa kachitsulo ka mkuwa. Ofesi ya PACRA, yolembetsa mapatenti, ili mumzinda momwe muno, lamulo la mapatenti linakonzedwanso mu 2016, koma mwa anyamata amene ndimawadziwa palibe amene anaganizapo zoti chimene wapanga chingalembedwe m'dzina lake. Zimandipweteka. Komabe ndimakangana nawo pa chinthu chimodzi. Ambiri amadalira mawaya okha kuti contactor ina isatseke pamene inzake yatseka, kachitsulo kopingasa kaja osakaika poti n'kodula. Tsiku limene mano a contactor adzapsererane n'kukanirira, mawaya sadzaletsa kanthu. Chitsulo chokha ndi chimene chimakana.

Zotchipa za m'mashopu nazo zili ndi zake. Kabokosi kamalembedwa kuti kanyamula ma amp 63, koma mukakatsegula mkuwa wake ndi wopyapyala ngati chitini cha sobo. Ndachotsapo tambiri tosungunuka m'mbali, pulasitiki itachita kuda, m'nyumba momwe mukugona ana.

Chaka cha 2024 ndi chimene chinasintha tanthauzo la manambala aja. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko. Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, inali itangotsegulidwa chaka chapitacho, koma nayonso imamwa madzi a mvula yomweyo. Pofika September, ku siteshoni ya kumpoto kwa Kariba kunkazungulira makina amodzi okha mwa asanu ndi limodzi, ndipo ife tinkakhala maola 21 opanda magetsi. Masiku ena ankadutsa osayaka n'komwe. Petulo wa jenereta sakanakwanira maola onsewo, choncho anthu anathamangira ku sola, mainveta ndi mabatire.

Amayi ena a ku George, ogulitsa nkhuku zozizira ndi maaisi a ana asukulu, anandiitana kuti ndiwalumikizire mapanelo amene mwana wawo anawagulira. Nditamaliza ndinatenga cholembera, n'kulemba monga ndinazolowera: pa 1 ZESCO, pa 2 sola. Iwo anayang'ana n'kupukusa mutu.

"Ayi bambo, mwalemba chagada. Wani akhale dzuwa. Enawa ndi alendo, amabwera pakati pa usiku ife tili m'tulo."

Ndinaima kanthawi cholembera chili m'manja. M'mabuku onse amene ndinaphunzira, mbali yoyamba inali ya magetsi a masiku onse, yachiwiri ya pangozi. Amayiwa ankanena zimene ankaziona tsiku ndi tsiku. Ndinamasula mawaya, n'kuwasinthanitsa, n'kulembanso. Kenaka ndinawagwiritsa dzanja pa kachogwirira, n'kuwaphunzitsa kuima pa ziro asanawoloke, ndipo ndinaitana mdzukulu wawo wamkazi kuti nayenso aone, popeza ndiye amatsala pashopu agogo akapita kukapikula kumsika wa Soweto.

Atate tsopano ali ndi zaka zoposa 80, maso akuchita chifunga. Akukhalabe m'nyumba yomwe ija ya ku Matero, imene inalandira magetsi ine nditakwatira kale. Mu 2024 ndinawaikira kapanelo kamodzi, batire ndi ka changeover koyera kokwana m'chikhatho, pafupi ndi mita. Ndisanakakhome pakhoma anakapempha. Anakatembenuza, n'kukayeza kulemera m'dzanja, n'kukayandikiza kukhutu uku akukasuntha kuti amve kulira kwa sipuling'i. Anafufuza ndi chala pomwe pangakhale kachitsulo ka mkuwa, koma panali pulasitiki yosalala.

"Loko wake ali kuti?"

"Kalibe loko, atate. Ngakhale adzukulu anu azikasintha."

Anakhala chete. Madzulo malaiti atapita anakana kuti wina awathandize. Anadzuka ndi ndodo yawo, n'kupapasa khoma mpaka anakapeza. Anatsitsira pa ziro. M'nyumba monse munalibe mota ina kupatula ya kafiriji kakang'ono, koma mumdimamo tinawamva akuwerenga pansipansi, ana onse ali duu kudikira, mpaka anafika pa khumi.