Chingwe cha M'mphuno

M'chaka cha 1995, pamene nyanja ya Chilwa idaphwa, maukonde ndi zingwe zake zidangoti mbwee pa doko la Kachulu. Matemba atasowa, banja lathu lidatsamira pa ngolo ndi ng'ombe ziwiri zofula. Fizi yanga ya Folomu 2 inkachokera pa makosi a nyama zimenezo.

Tsiku lina chingwe cha m'mphuno cha ng'ombe yakuda chidaduka. Bambo adandituma kukapota china cha khonje, koma chifukwa cha ulesi ndidangotola cha nayiloni cha pa ukonde, chowonda, chonyezimira ndi chosaduka.

"Mdzukulu wanga," adatero agogo atachisisita ndi zala, "chingwe sasankhira dzanja la mwini, amasankhira mphuno ya ng'ombe."

Ndidangoseka chamumtima. Koma pobwerera kokatula njerwa, ng'ombe ija idadzidzimuka ndi galu, ine ndipo ndidakoka mwamphamvu. Nayiloniyo adacheka mphuno ngati lumo, magazi chuchuchu! Ntchentche zidaunjirira pabalapo, ndipo ngolo idakhala masabata atatu osayenda. Anzanga adatsegulira sukulu ine ndili pakhomo, ndikutsuka bala ndi madzi amchere.

M'masiku amenewo agogo adandiphunzitsa kupota khonje wonenepa ngati chala, woti mphamvu ya dzanja isagwere malo amodzi. Adandionetsanso kumanga mfundo kuseri kwa nyanga, ndi kusiya mpata woti ng'ombe idye momasuka.

Ng'ombeyo idachira, koma chipsera chidatsala. Ndinkati ndikamaiveka goli m'mawa, maso anga ankathawa mphuno yake.