Ku Guangzhou, Kumene Ana Amalaŵirira Chingerezi

Mzinda wa Guangzhou, umene azungu akale ankautcha Canton, uli kummwera kwa dziko la China, m'mphepete mwa mtsinje waukulu wa Pearl. Amalonda ambiri a mu Africa muno, ndi a kwathu omwe, amaudziŵa chifukwa cha katundu wake. Koma ife pa ulendo wathu, chimene chidatigwira mtima si misika ayi, koma ana a sukulu za sekondale.

Pa sukulu ina tidafika 7 koloko isanakwane. Tikali kunja kwa mpanda tidamva chiphokoso chonga cha njuchi pa mng'oma. Anali ana akuŵerenga Chingerezi mokweza, yense pa malo pake, maphunziro asanayambe. Madzulo akadya amaloŵanso m'kalasi mpaka usiku.

Chowathamangitsa chotere ndi mayeso oloŵera ku yunivesite otchedwa gaokao, amene amayamba pa 7 June. Mayesoŵa adaimitsidwa mu 1966 pa nthaŵi ya chipwirikiti, nabwezedwanso mu 1977. Chaka chimenecho adalemba anthu 5.7 miliyoni, koma osankhidwa sadakwane 300,000. Mu 2024 olembetsa adapitirira 13 miliyoni. Aliyense ayenera kulemba Chitchaina, masamu ndi chiyankhulo chimodzi chachilendo, ndipo ochuluka amasankha Chingerezi, chimene chili ndi malikisi 150.

M'chigawo cha Guangdong, chimene likulu lake ndi Guangzhou, mayeso a kumva ndi kuyankhula amachitika padera m'mwezi wa March. Mwana amakhala pa kompyuta atavala zomvera m'makutu. Poyamba amamvetsera munthu akuyankhula, kenaka amaŵerenga mawu omwewo momtsanzira. Kachiŵiri amafunsa ndi kuyankha mafunso ngati akucheza ndi mnzake. Potsiriza amamvetsera nkhani, naifotokozanso m'mawu akeake. Pa mayeso olemba amapatsidwa nkhani zazifupi, ndipo pa funso lililonse amasankha yankho limodzi mwa anayi. Woŵerenga mothamanga, wosasinkhasinkha, amagwa pomwepo.

Tisayese kuti ntchitoyi njopepuka kwa iwo. Kalembedwe kawo kalibe zilembo zonga zathuzi. Mwana amaloŵeza zizindikiro zikwi zingapo. Ambiri a mumzindawu kunyumba amayankhula Chikantoni, kusukulu Chimandarini, motero Chingerezi chimadza chachitatu. Anthu ambiri a m'dzikomo adachiyamba mu 1982, pamene wailesi ya kanema ya dzikolo idayamba kuonetsa maphunziro a BBC otchedwa Follow Me.

Tikuyenda m'mbali mwa mtsinje tidakumbukira mlendo wina amene adavutikira chiyankhulo mumzinda womwewu. Robert Morrison, woleredwa mu mpingo wa Chipresibiteriyani, adafika kuno mu 1807. Masiku amenewo lamulo linkaletsa Mtchaina kuphunzitsa mlendo chiyankhulo chake, ndipo wolakwira akadatha kuphedwa. Morrison adaphunzira mobisala. Padapita zaka 7 asanabatize munthu woyamba. Komabe pofika 1823 Baibulo lonse la Chitchaina, limene adamasulira mothandizana ndi William Milne, lidasindikizidwa, ndiponso adatsiriza buku lalikulu lomasulira mawu a Chitchaina m'Chingerezi. Adamwalira mu 1834, naikidwa ku Macau. Iye adalimbana ndi Chitchaina kuti anthu amve Mawu a Mulungu. Lero ana a mumzindamo akulimbana ndi chiyankhulo cha iyeyo.

Sikuti zonse za kumeneko nzosiririka. Tidaona ana otopa, ogona pa matebulo, ndi makolo odera nkhaŵa ngati moyo wonse wa mwana wapachikika pa masiku oŵerengeka a June. Mwana ndi mphatso ya Mulungu, wamtengo wapatali koposa malikisi ake.

Koma khama lawo litiphunzitse. Kwathu kuno mwana akalephera Chingerezi salandira satifiketi ya Fomu 4, ngakhale atakhoza zina. Inu anyamata ndi atsikana, ŵerengani mokweza tsiku ndi tsiku, mvetserani nkhani za Chingerezi pa wailesi, ndipo yesani kuzifotokozanso osachita manyazi. Inu makolo, ngakhale Chingerezicho simuchimva, mpatseni mwana nyali ndi mpata, mumfunse akumasulireni m'Chicheŵa zimene waŵerenga. Akatha kutero ndiye kuti wamvetsa, ndipo chiyankhulo cha makolo ake sanachitaye. Paja akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.