Ana a ku Sakubva amatamba masana

Ntchito yanga ndi yomasulira mabuku, koma kwa miyezi isanu tsopano ndakhala ndikupukuta mamina, kumanga zingwe za nsapato ndi kugawa phala. Ndinadzipereka kuthandiza pa sukulu ina ya mkaka ku Sakubva, dera lakale la anthu ambiri mumzinda wa Mutare, kum'mawa kwa Zimbabwe. Malipiro palibe. Ndimakwera kombi chifunga chisanachoke pamapiri, ndipo 7 koloko imandipeza pachipata ndikulandira ana.

Kuno ana a zaka zinayi ndi zisanu amalowa makalasi otchedwa ECD A ndi ECD B asanayambe Giredi 1. M'kalasi mwathu muli ana 34, mphunzitsi mmodzi ndi ine. Timayamba ndi pemphero, kenako nyimbo, kenako kuwerengera ndi zitsekerero za mabotolo. Phala limabwera 10 koloko. Mpopi ukauma, ine ndi mayi wophika timasenza zigubu.

Anawa amayankhula Chimanyika, nthambi ya Chishona. Mawu ake ambiri ndi apachibale ndi athu, koma ena amakutembenukira. Mwana akapempha mvura, sakunena za mitambo, ali ndi ludzu. Mphunzitsi akati “unogona”, sakunyoza mwana kuti ndi watulo, akumuyamikira kuti amatha. Nthawi yopuma ikakwana, amawatulutsa onse kuti akatambe. Kwathu ku Dedza wotamba ndi mfiti, ndipo imatero usiku. Kuno amatamba ana, dzuwa likuswa mtengo, kuseka kuli pakamwa.

Sabata yachitatu, agogo ena amene amaperekeza kamdzukulu kawo anandimva ndikuyankhula pafoni ndi mayi anga. Anadikira mpaka nditamaliza.

“Mwanangu, kodi ndinu wa ku Nyasalande?”

“Eya agogo, wa ku Malawi.”

Anandigwira dzanja osalitaya. Iwo anabadwira ku Penhalonga, kumpoto kwa Mutare, kumene bambo awo ankagwira ntchito mumgodi wa golide atayenda wapansi kuchokera ku Ntcheu kudzera ku Tete. Malawi sanamuonepo. Koma Chichewa chawo n'chokoma, chakale, chonga cha agogo anga enieni.

Anthu ngati iwowa alipo ambiri m'dziko muno. Makolo awo ankabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi panjanji, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963 chisanayambe komanso chili mkati. Eni dziko anawapatsa dzina lakuti Mabhurandaya, kuchokera ku Blantyre, ndipo silinali dzina laulemu. Kwa zaka zambiri zitupa zawo zinkawatchula kuti ndi alendo, ngakhale mchombo wawo unagwera konkuno. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika, ndipo anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 za boma.

Komatu lamulo silifika pachipata cha sukulu ya mkaka. Tsiku lomwelo, agogo aja ali mkati mondifotokozera za bambo awo, kamdzukulu kanayamba kuwakoka nsalu kuti asiye, maso ali kwa anzake. Mwana wa zaka zisanu, amene sadziwa n'kulemba komwe dzina lake, akudziwa kale chilankhulo choyenera kubisa. Palibe anamukhazika pansi n'kumuphunzitsa zimenezi. Anazitola m'kuseka kwa pamsewu.

Chiyambire pamenepo, m'mawa uliwonse ndimawapatsa moni agogowo mokweza, nditanyonyomala: “Mwadzuka bwanji agogo?” Ana amaona kuti ticha wavala bwino, wanyamula mabuku, ndipo akuyankhula chomwecho chimene amachiseka. Pa zonse zimene ndimachita pasukulupa, ndikuganiza kuti moni umenewu ndiwo wolemera kuposa zina. Zilembo angawaphunzitse wina aliyense.

Kenako ndinapempha mphunzitsi kuti Lachisanu lililonse agogowo azibwera kudzakamba nthano. Anavomera. Agogo amakamba m'Chichewa, mdzukulu wawo wamkulu akakhalapo amathandiza kutembenuza, ine ndi mphunzitsi timalumikiza potsala. Ana anazolowera kuyankha nthano ndi “dzepfunde”. Tsopano aphunzira kuti “tili tonse”. Atamva za Kalulu wopusitsa nyama zazikulu, mnyamata wina analumpha n'kufuula kuti ameneyo ndi Tsuro, amamudziwa. Kalasi lonse linagwirizana naye. Kamdzukulu kaja sikananene kanthu tsiku limenelo, koma Lachisanu lotsatira kanakakhala pamwendo pa agogo ake, ndipo ndiko kamadzudzula anzake akatchula molakwika “tili tonse”.

Sindikunena kuti Chichewa cha banja limenelo chapulumuka. Mayi ake a mwanayu amachimva koma sachiyankhula, ndipo ola limodzi pa sabata silingalimbane ndi msewu wonse. Komanso mlendo ndi mame: teremu ikatha mu Disembala, ine ndibwerera kwathu. Chimene ndingasiye si ine ayi, koma malo a agogowo pamkeka wa kalasi. Dzulo ndinaona mphunzitsi akulemba ndondomeko ya chaka chamawa. Pa Lachisanu, 11 koloko, analembapo dzina lawo ndi inki, osati ndi pensulo.