Telala wa ku Ndirande ndi Maso Ace

Pafupi ndi msika wa ku Ndirande pali telala wina wa zaka zoposa 50, amene amasoka pa khonde la sitolo. Cuma cace conse ndico makina osokera ndi maso ace awiri. Ndi zimenezi amalipira nyumba, amagula ufa, ndiponso amaphunzitsa ana ace.

M'cilimwe ca caka cina munthuyu anayamba kudzuka ndi bvuto. M'mawa muli monse zikope zace zinali zomamatira, ndipo m'maso munali kumveka ngati wina wathiramo mcenga. Maso anali ofiira ndi otentha, ndipo ulusi unali kuphonya bowo la singano kufikira dzuwa litakwera. Anansi anamuuza zambiri. Wina anati, "Bambo, finyiranimo madzi a masamba." Wina anati, "Thiranimo shuga." Wacitatu ananong'ona kuti alipo munthu wocita kaduka ndi nchito yace. Koma mkazi wace anati, "Bambo, safunsa anadya phula. Tiyeni ku cipatala."

Anayamba pa cipatala caing'ono ca ku Ndirande, ndipo pambuyo pace anapita ku cipatala ca maso ca Lions Sight First, cimene ciri pa Queen Elizabeth. Cipatala cacikuluci cinatsegulidwa m'caka ca 1958, ndipo anthu amacicha Gulupu. Zimene telalayo anaphunzira kumeneko ndi izi.

Diso la munthu limakhala ndi misozi nthawi zonse, ngakhale pamene iye sali kulira. Misozi imeneyi iri ndi zinthu zitatu: conanda cimene cimagwira diso, madzi amene amalinyowetsa, ndi mafuta okhala pamwamba. Mafutawo amaturuka m'timabowo tating'ono ta m'mphepete mwa zikope, ndipo nchito yace iri ngati ya cibvundikiro pa mtsuko, kuti madzi asaume msanga. Munthu amaphethira pafupifupi ka 15 pa mphindi imodzi, ndipo pakutero amawanditsa misozi pa diso lonse. Koma ali m'tulo saphethira, ndipo misozi imapangidwa yocepa. Cifukwa cace diso limene liri ndi bvuto lingathe kumva kuuma m'mawa.

Zoumitsa maso ziripo zingapo. Coyamba ndi utsi wa makala kapena nkhuni wotsala m'nyumba usiku. Caciwiri ndi pfumbi ndi mphepo youma ya miyezi ya Seputembala ndi Okotobala. Cacitatu ndi kutsekeka kwa timabowo ta mafuta tija, ndipo cizindikilo cace ndi tinkhanambo pa nsidze za m'zikope. Cacinai ndi kugona maso asanatsekeke bwino. Mwini wace sadziwa, koma wogona naye nyumba imodzi angathe kuona. Cacisanu ndi kuyang'anitsitsa cinthu cimodzi nthawi yaitali, kaya singano, kaya buku, kaya foni, pakuti woyang'anitsitsa amaiwala kuphethira. Palinso ukalamba, makamaka kwa akazi amene asiya kusamba, matenda a shuga ndi a nyamakazi, mankhwala ena a cimfine ndi ziwengo, ndi kusowa kwa vitamini A m'thupi.

Kwa telalayo zifukwa zinali zitatu. Mbaula inali kulowa m'nyumba madzulo, timabowo ta mafuta tinali titatsekeka, ndipo tsiku lonse maso ace anali pa singano.

Macizidwe ace sanali a ndalama zambiri. Anauzidwa kuti m'mawa ndi madzulo azisamba m'manja, abviike kansaru koyera m'madzi owiritsa amene azirala kufikira atangokhala ofunda, ndi kukaika pa maso otsinzina kwa mphindi 5 kapena 10. Kufunda kumasungunula mafuta ouma. Atatero azipukuta m'mphepete mwa zikope mosamala. Anapatsidwa mankhwala odontheza m'maso amene amagwira nchito ngati misozi, ndi ena onga mafuta oika pogona, cifukwa amenewa amakhalitsa usiku. Mbaula inayamba kutsala panja, ndipo cimeneci ncabwino kawiri, pakuti mpweya wa makala m'nyumba yotseka umapha anthu ali m'tulo. Pa nchito anayamba kumadzutsa mutu kawiri kawiri, kuyang'ana phiri la Ndirande ndi kuphethira. Mkazi wace sanasowetse pa mbale bonongwe, nkhwani, mbatata yofiira m'kati, mapapaya ndi mango, zimene zimapatsa thupi vitamini A.

Sabata yoyamba sanaone kusintha kweni kweni, ndipo mtima unafuna kubwerera ku malangizo a anansi aja. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Patapita masabata angapo mcenga uja unacepa, ndipo ulusi unayambanso kulowa m'mamawa. Bvutoli silitheratu mwa anthu ambiri. Limabwerera munthu akaleka kudzisamala. Cotero kansaru ndi madzi ofunda zakhala mwambo wa m'nyumba mwace.

Maso ouma pa okha sacititsa khungu kawiri kawiri. Cimene caononga maso a anthu ambiri ndi zothira m'maso: madzi a masamba, shuga, mkodzo, kapena mankhwala otsala a munthu wina. Zimenezi zingathe kutentha diso kapena kulowetsamo tizirombo, ndipo cipsera cikakhala pa diso sicicoka ndi kusamba. Munthu akamva kupweteka kobaya potsegula maso, akaona kadontho koyera pa mbali yakuda ya diso, mafinya, kapena akayamba kuona mwa cimbuuzi, apite ku cipatala tsiku lomwelo.

Lero telala uja akali pa khonde lace. Mnzace akadandaula za maso, iye saturutsa botolo lace lamankhwala ai. Amamuuza njira ya ku cipatala.