Kalata yochokera ku Kansas City

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko kwa Mavwere pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndili gwa, kungoti chisanu chake n'choluma makutu. Amayi muwauze kuti jekete ndikuvala, asade nkhawa.

Loweruka lapitali mnzanga wa kuntchito ananditengera ku 18th and Vine, dera lakale la anthu akuda mumzinda muno, kukaona nyumba yosungiramo mbiri yotchedwa Negro Leagues Baseball Museum. Baseball ndi ngati raundasi ija tinkasewera kusukulu, koma kuno ndi masewera a akuluakulu. Kale akuda sankaloledwa m'matimu a azungu, ndiye mu 1920 Rube Foster anasonkhanitsa eni matimu a akuda konkuno n'kuyambitsa ligi yawoyawo. Jackie Robinson, amene anaboola mpanda wa tsankho polowa mu Brooklyn Dodgers mu 1947, anayamba wasewera timu ya kuno, Kansas City Monarchs.

Mukangolowa m'nyumbayi mumaona bwalo lili ndi ziboliboli za osewera, za msinkhu wa munthu weniweni, koma pakati pa inu ndi bwalolo atchingapo ndi waya wa khola la nkhuku. Kuti mupondemo, muyambe mwazungulira nyumba yonse n'kuona zimene anthuwa anakumana nazo. Ndinagwira wayayo, mtima unandiwawa.

Koma chimene ndakulemberani ndi zojambula. Zithunzi za osewerawa zinatsala zochepa, zakuda ndi zoyera, zina zofufutika. Wojambula wina, Graig Kreindler, anafufuza mtundu wa yunifomu ndi zipewa zawo, n'kupenta nkhope zoposa 200, zimene anazionetsa m'nyumbayi mu 2020, ligiyo itakwanitsa zaka 100. Winanso, Kadir Nelson, anatulutsa buku la zojambula zake mu 2008, ndipo ndakugulirani. Mukaone mmene anamujambulira Josh Gibson: mikono yadzaoneni, maso ali tong'o pa inu, moti mumachita kumva kuti uyu akamenya mpira sunkabwerera. Mu 2024 ndi pomwe zigoli za osewerawa zinalowetsedwa m'mabuku a ligi yaikulu, iye atamwalira kalekale mu 1947.

Achimwene, ndinakumbuka abambo ndi wailesi yawo pakhonde. Flames itatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, kwathu kunalibe kanema. TVM inadzayamba mu 1999. Abambo ankatchula Kinnah Phiri ndi Jack Chamangwana ngati abale awo, chonsecho ankangowamva pa MBC. Chamangwana anatisiya mu 2018. Nanga ana anu mutawaonetsa nkhope yake angamudziwe? Ndipo awa ndi otchuka. Za anyamata aja ankasewera osavala nsapato pabwalo la sukulu yathu, fumbi lili koboo, amayi akulowa m'bwalo ndi nthungululu chigoli chikalowa, ndani angazinene akuluakulu atsalawa akapita?

Inu dzanja muli nalo. Zikwangwani za magolosale ndi mabotolo a zakumwa amene mumapenta pamakoma ku Waliranji, aliyense amaima n'kuyang'ana. Chonde, yendani kwa amene ankasewera kale. Afunseni jezi inali ya mtundu wanji, pagolo ankaima ndani, chikho anachitenga atagonjetsa mudzi uti. Amene ali ndi chithunzi m'sutikesi akubwerekeni, mukachijambule pafoni n'kuwabwezera tsiku lomwelo, chifukwa anthu amaopa kuti chisowa. Amene alibe, mumukhazike pansi pa mtengo mumujambule mmene alili lero, ndi imvi zake. Zikakwana ngakhale khumi, tidzapemphe kalasi imodzi kwa ahedi, tidzakhome pakhoma ndi maina awo pansi, eni ake adzafotokoze okha kwa ana asukulu.

Ya penti, maburashi ndi nsalu ndidzatumiza kumapeto kwa mwezi. Bukulo libwera ndi mnzanga amene akubwera ku Lilongwe; akatsika adzakuimbirani. Mundiuzeko ngati mtedza wamera bwino, komanso ngati bondo la amayi lasiya kuvuta. Moni kwa amalume ndi onse pamudzi.

Ine mlongo wanu.