Tsiku Limene Tinakasaka Dzina pa Chitakale

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tinkawadziwa anthu otchuka ndi makutu okha. Madzulo tinkazungulira wailesi ya mabatire pakhonde ndi kumvera Kapalepale, Pamajiga kapena Sewero la Sabata Ino pa MBC, ndipo aliyense ankadziumbira yekha m'mutu nkhope ya wolankhulayo. Tikadakumana naye pa msika wa Limbuli tikadampitirira osampatsa ndi moni womwe. Wailesi ya kanema inafika mochedwa m'dziko muno, m'chaka cha 1999, pamene Television Malawi inayamba kuulutsa. Kuyambira pamenepo nkhope zinayamba kudziwika, ndipo ana athu anayamba kulakalaka chinthu chimene ife sitinachiganizepo: kumuona ndi maso munthu wa pa kanema, kumgwira chanza, ndi kumpempha kuti alembe dzina lake pa pepala ndi dzanja lake.

Ana a kuno ku Mulanje ali ndi chifukwa chawochawo cholakalakira zotere. Dziko lonse linkaseka ndi Izeki ndi Jakobo, ndiwo malemu a John Nyanga, amene anatisiya mu 2016, ndi malemu a Eric Mabedi, amene anatisiya mu 2021. Koma boma lathu lino nalonso linatulutsa akatswiri ake. A Michael Usi, amene anatchuka ndi dzina lakuti Manganya m'sewero la Tikuferanji, ndi mwana wa kuno, ndipo anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira mu 2024 kufikira mu 2025. A Bon Kalindo, odziwika kuti Winiko, anali phungu wa kummwera kwa Mulanje kuyambira mu 2014 kufikira mu 2019. Chotero mwana wa pa Mimosa kapena pa Muloza akamati, "Ine ndidzakhala wa zisudzo," saona ngati akulota usana.

Mmodzi wa ana oterewa ndi mphwathu, mwana wa mlongo wathu. Bambo wake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo mayi wake amathyola tiyi ku esiteti. Monga mwa mwambo wa kuno, mwana wa mlongo ali m'manja mwa amalume ake. M'chaka cha 2023 anali mu Sitandade 7 pa sukulu yomwe ife timaphunzitsa, ndipo manyazi anali kutigwira, pakuti kaundula wa kalasi anali kuonetsa kuti masiku ambiri mnyamatayo sanali kufika. Ankatsazika bwinobwino m'mawa, koma ankathera m'kanyumba ka vidiyo pa tauni, kumene amaonetsa kanema usana wonse. Pobwera kumeneko ankatsanzira mawu ndi mayendedwe a ochita zisudzo mwaluso lodabwitsa, koma mukampatsa buku kuti awerenge ankadodoma ngati mwana wa Sitandade 3. Tinamulangiza, tinamukalipira, osaphula kanthu.

Pamenepo kunamveka kuti gulu lina la zisudzo la ku Blantyre, limene anthu ake amaoneka pa kanema, lidzasewera pa bwalo lina pafupi ndi Chitakale Loweruka lina la mwezi wa June, pofalitsa uthenga wa ukhondo, popeza matenda a kolera anali atavuta kwambiri chaka chimenecho. Tinapangana naye kuti akapita kusukulu milungu itatu yathunthu osajomba, tidzamperekeza. Anasungadi pangano. Ndi ndalama za ganyu anagula kope latsopano ndi cholembera, nalemba pachikuto ndi zilembo zazikulu kuti: MAINA A ANTHU OTCHUKA.

Tinanyamuka tambala atalira kachiwiri. Kunali chiperoni, kamvula kowaza kozizira kaja kamene kanatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Pa Limbuli tinakwera minibasi yodzaza ndi amalonda ndi madengu a nthochi ndi zinanazi. Msewu wochokera ku Muloza kupita ku Boma ndi umodzi wa misewu yokongola m'dziko muno. Mbali zonse ziwiri kuli minda ya tiyi yobiriwira, yosalala ngati yometedwa ndi lumo, ndipo kudzanja lamanja phiri limayenda nanu ulendo wonse. Mbewu ya tiyi imeneyi inachokera ku Mishoni ya Blantyre, ndipo mzungu wina dzina lake Henry Brown ndiye anaibzala kuno m'chaka cha 1891. M'mawa umenewo tinaona amayi ali kale m'mizere, madengu kumsana. Mphwathu anayang'anitsitsa pa zenera, ndipo tinadziwa kuti anali kufunafuna mayi wake pakati pawo.

Nkhungu itang'ambika pang'ono, tinaona zipsera zofiira pa nthiti za phiri, m'mene munadutsa madzi, miyala ndi matope pa nthawi ya namondwe wa Freddy m'mwezi wa March chaka chomwecho. M'minibasimo munangoti zii, pakuti panalibe amene sanataye mbale, mnansi kapena munda. Nsonga ya Sapitwa, imene ili pa mamita 3,002, inali yobisika monga mwa chizolowezi chake.

Tinafika pa Chitakale nthawi ili cha m'ma 8 koloko. Apa ndi pamphambano: msewu wina ulowera ku Blantyre, wina ukhotera ku Likhubula ndi ku Phalombe. Akabaza anali ndandanda, ogulitsa mandasi ndi zigumu anali kuitanira, ndipo anyamata ena anali kutsatsa timabokosi tonunkhira ta mkungudza. Sewero analengeza kuti liyamba 10 koloko, koma mphwathu anali atamva kuti alendowo anagona pa nyumba ina ya alendo cha kufupi, motero tinalunjika kumeneko.

Pa chipata tinapezapo ana ndi achinyamata oposa makumi atatu. Pamenepo tinaphunzira kuti ife ndi mphwathu tinali otsalira m'mbuyo. Panalibe wina aliyense amene ananyamula kope. Onse anali ndi mafoni m'manja, pakuti lero chimene achinyamata amafuna ndi kujambulitsa pamodzi ndi munthu wotchukayo kuti anzawo akaone pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mlonda wa pa chipata anali munthu waulemu koma wolimba. "Pepani bambo," anatero, "andiuza kuti asalowe munthu. Akadye kaye, akatha mukawaonera kubwalo." Tinaima pamenepo maola awiri. Kawiri konse katani inagwedezeka pa zenera ndipo ana anakuwa, koma anali mtsikana wokonza m'zipinda.

Cha m'ma 11 koloko galimoto inatuluka magalasi ali otseka, ndipo khamu lonse linaithamangira. Ife a zaka zoposa makumi asanu tinatsatira m'mbuyo ndi ambulera yathu, tikudzifunsa kuti akhristu anzathu akationa chotere aganiza chiyani.

Pa bwalo anali atayimika lole yaikulu yokhala ngati nsanja, ndi zokuzira mawu. Anthu anachokera kutali, ena ku Nkando, ena ku Chonde, ena ku Likhubula. Jenereta inavuta, ndipo sewero linayamba nthawi itapitirira 1 koloko. Koma litayamba, kudikira konse kunaiwalika. Linali la banja lina lokana kukumba chimbudzi, ndipo munali apongozi aakazi ovuta, a pakamwa ngati lumo, amene anthu amawadziwa kale pa kanema ndipo amadana nawo. Atangotulukira, bwalo lonse linawakuwiza. Katswiri wamkulu wa gululo atatulukira, amayi analuluta, anyamata naimba malikhweru. Tinayang'ana mphwathu: milomo yake inali kuyenda pamodzi ndi ya katswiriyo, kope atalifungatira pachifuwa kuti lisanyowe.

Sewero litatha tinayesa kachiwiri. Anthu anaunjikana kuseri kwa lole, ndipo anyamata osungitsa bata anagwirana manja ngati mpanda. Mphwathu analowerera pakati pa miyendo ya anthu mpaka anafika kutsogolo, natambasula dzanja ndi kope lake. Katswiri uja anadutsa pafupi kwambiri, anamwetulira, anajambulitsa ndi anthu atatu kapena anayi, kenaka anamlowetsa m'galimoto. Sitimuimba mlandu, pakuti munthu mmodzi sangakwanitse manja chikwi. Koma mnyamatayo anabwerera kwa ife malaya atang'ambika paphewa, cholembera chitatayika, kope lili ndi chidindo cha nsapato. Sanalire. Anangoti, "Amalume, tiyeni tizipita."

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinamuuza kuti sitingayende ndi njala, ndipo tinalowa m'kanyumba kena kodyera kuseri kwa msika. M'ngodya munali mayi wina wachikulire atafunda chitenje, akumwa tiyi yekha, mapepala ali pa tebulo. Mphwathu anatikoka malaya nanong'oneza kuti, "Amalume, apongozi aja!" Analidi iwo, atavula duku la m'sewero. Panalibe amene anawathamangira. Mayi wogulitsa chakudya anali kuwayang'ana cham'mbali, ngati kuti nkhanza za m'sewero zija zinali zawo zenizeni.

Tinawapatsa moni, ndipo anatiyankha mofatsa ndi mwaulemu, mosiyana kotheratu ndi munthu amene tinamuona pa lole. Titalongosola za ulendo wathu, anaseka. "Aphunzitsi, ine anthu sandipempha dzina. Amandipempha kuti ndisiye kuzunza mtengwa." Kenaka anatembenukira kwa mnyamatayo. "Iwe mwanawe, akuti umatha kutsanzira. Tanditsanzira ine." Mphwathu anachita manyazi pang'ono, koma atayamba, anawatengera mawu ndi kaimidwe komwe, kotero kuti ngakhale mayi wogulitsa uja anagwira m'mimba ndi kuseka.

"Luso lilipo," anatero mayiwo. Ndipo anatenga pepala limodzi pa mulu uja nampatsa. "Ili ndi gawo la sewero limene tikajambule Lachiwiri. Iwe ukhale mdzukulu, ine agogo. Werenga pamene palembedwa mdzukulu."

Apa ndi pamene panagona tsiku lonse. Mnyamata amene mphindi yapitayo anali kulankhula ngati mtsinje wa Ruo nthawi ya dzinja, anayamba kugwira chilembo chimodzichimodzi ndi chala. Mizere inayi inamtengera nthawi yaitali, ndipo thukuta linatuluka pamphumi ngakhale kunali kozizira. Ife tinayang'ana pansi, pakuti tsamba likagwa manyazi agwira mtengo.

Mayiwo sanamseke. Anamuuza kuti pa kanema munthu salankhula za m'mutu mwake chabe. Amapatsidwa masamba ambiri madzulo, ndipo m'mawa ayenera kukhala atawaloweza, apo ayi gawolo amapatsa wina. Anamuuzanso kuti zisudzo zokha sizidyetsa banja, ndi kuti iwo eni ali ndi ntchito ina imene amagwira mkati mwa mlungu. Zonsezi ife tinali titamuuza kambirimbiri m'mawu ena, koma mawu a amalume amalowera khutu ili ndi kutulukira linalo. Tsiku limenelo anamvera pakamwa pali yasa.

Pomaliza anabwereka cholembera chathu chofiira chochongera, anapukuta chidindo cha nsapato chija ndi nsonga ya chitenje, nasaina dzina lawo pa tsamba loyamba. Pansi pake analemba tsiku, ndi mawu akuti mnyamatayo adzawafunefune akadzatha kuwerenga tsamba lathunthu osapumira. Pepala la sewero lija anamsiyira.

Pamene tinkatuluka, dzuwa linali litapendeka ndipo mitambo inali itachoka. Thanthwe lalikulu la Chambe linaoneka lonse, lofiirira ndi kuwala kwa madzulo. Minibasi zolowera ku Muloza zinali zodzaza ndi anthu ochokera kusewero, motero tinafika pa Limbuli kutada, ndipo mtunda wotsalawo tinayenda pansi. M'njira monse mphwathu sanalankhule. Tili pafupi kufika anafunsa kuti, "Amalume, kodi mabuku a m'kabati ya kusukulu aja amabwereketsa?"

Sitinena kuti anasinthiratu tsiku limodzi. Kanyumba ka vidiyo kanamkokabe masiku ena, ndipo tinakanganabe kangapo. Koma pepala lija analiwerenga mpaka linang'ambika m'mapindo, ndipo mlongo wathu anayamba kudandaula za mabatire a tochi. Mu 2024 analemba mayeso a Sitandade 8 ndipo anakhoza, nasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya kufupi ndi kwathu, kumene analowa m'gulu la zisudzo la pa sukulupo.

Makolo ndi aphunzitsi anzathu, ambiri a ife timaona kanema ngati mbala yakuba ana, ndipo nthawi zina n'zoona. Koma tisafulumire kunyoza chimene mwana wachikonda. Tiyambe tamperekeza, tikaone kumene mtima wake uli. Ndipo inu a zisudzo mukamabwera kumidzi kuno, kumbukirani kuti kuseri kwa mafoni aja kumakhala mwana wina wogwira kope, amene mphindi zanu zisanu zingamlemerere kuposa chaka chathunthu cha malangizo athu.

Kope lija lilipobe, m'sutikesi ya mayi wake pamodzi ndi makadi a kusikelo. Pachikuto palembedwa maina ambiri, koma m'katimo muli dzina limodzi lokha, la inki yofiira.