Galu Wopanda Ubweya wa ku Mexico

Ine ndine mnyamata wokonda agalu, ndipo pa agalu onse amene ndawerenga mbiri yawo, wondigwira mtima koposa ndiye galu wa ku Mexico wotchedwa Xoloitzcuintli. Dzinali ndi lopinda lilime, kotero eni ake amangoti Xolo, natchula ngati "Sholo". Kwathu galu akasosoka ubweya timati wadwala mphere, ana namuponya miyala. Koma Xolo amabadwa chomwecho ali wamoyo ndithu, khungu lake lili losalala ngati mtsuko.

Dzina lakelo lichokera m'chinenero cha Nahuatl, chimene ankayankhula anthu a mtundu wa Aztec. Xolotl anali mulungu wawo wa mphezi ndi imfa, ndipo itzcuintli ndiye kuti galu. Anthuwa ankakhulupirira kuti munthu akamwalira, mzimu wake umayenda zaka zinayi kupita ku Mictlan, dziko la akufa. Panjirapo pali mtsinje waukulu umene mzimu sungawoloke wokha, koma galu ndiye amauwolotsa. Chifukwa chake pa maliro ankapha galu kuti atsagane ndi mbuye wake. M'manda akale a ku Colima, kumadzulo kwa Mexico, mwapezeka agalu ambiri oumba ndi dothi, amene anaumbidwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo.

Ndikaganiza zimenezi mtima wanga umagawanika. Ndimamvera chisoni galu wophedwayo, pakuti sanalakwe kanthu. Komanso ndimazizwa kuti anthu anakhulupirira galu kotero kuti anamupatsa ntchito yoperekeza munthu kumene mbale kapena bwenzi sangafike.

Kwa amoyonso Xolo anali ndi ntchito. Thupi lake silitentha kuposa la agalu ena, koma popeza palibe ubweya wotchinga, ukamukhudza umamva kufunda. Tsono odwala nyamakazi ankagona naye kuti awafunditse. Wansembe wina wa ku Spain, Bernardino de Sahagún, analemba kuti usiku anthu ankafunditsa agaluwa nsalu kuopa kuzizira. Ndiyenera kunenanso kuti pa madyerero ena ankadya nyama ya galu, ngakhale ife tingaipidwe nazo.

Azungu a ku Spain atafika ndi Hernán Cortés m'chaka cha 1519, chipembedzo cha makolo chinaponderezedwa, ndipo agalu a ku Ulaya anachuluka nasakanizika ndi a m'dzikomo. Pang'onopang'ono Xolo anasowa m'mizinda, natsala m'midzi yakutali yokha. M'zaka za m'ma 1950 Mngelezi wina, Norman Pelham Wright, pamodzi ndi anzake anapita kukawafuna m'midzi ya ku Guerrero, nabwera nawo owerengeka. M'chaka cha 1956 oweta agalu ku Mexico analemba maonekedwe oyenera a mtunduwu. Ojambula zithunzi otchuka, Diego Rivera ndi Frida Kahlo, nawonso ankaweta agaluwa kunyumba kwawo. Mu 2008 akatswiri a sayansi anapeza chimene chimachititsa kuti agaluwa abadwe opanda ubweya, ndipo ndi chomwechonso chimachititsa kuti ambiri aperewere mano. Mu 2016 mzinda wa Mexico City unalengeza kuti Xolo ndi chizindikiro chake.

Chimene ndifuna tiganizire, anzanga, ndi ichi. Amene anasunga Xolo zaka mazana anayi sanali anthu ophunzira ayi, koma alimi osauka a kumudzi, amene sanachite manyazi ndi galu wa makolo awo. Akadamutaya iwo, ofufuza aja akadapeza mafupa okha ndi zoumba za m'manda. Ife ana a sukulu timafulumira kuseka za kumudzi tikangodziwa Chingelezi pang'ono. Ine ndatsimikiza mtima kuti pa tchuthi chikudzachi ndikakhala pansi ndi agogo anga, ndikawafunse mayina amene ankapatsa agalu awo a uzimba ndi matanthauzo ake, ndikawalembe m'buku. Inunso kachiteni chomwecho akuluwo akadali moyo.

Wophunzira wa Fomu 3